Tsiku Limene Mwini Phanga Anatiperekeza

Khalaninso pansi, anaJere, musanyamuke ndi nkhope yotupa choncho. Ndikudziwa zimene mumanena kumvano, zoti ine mlendo ndimamusiya pakhonde, sinditsika naye ngakhale masitepe. N'zoona. Sindiperekeza munthu, ndipo sindifuna kuperekezedwa. Magetsi athimawa sabwera msanga, ndiye sendezani mbaulayo kuno mumve chifukwa chake, mwina pakamwa panu pangapumeko.

Bambo a Ulemu, amuna anga, inu mwawadziwa ali chonchi, ongokhala ndwii pansi pa mtengo wa mango. Munasamukira kuno ku Balaka mochedwa. Kale anali munthu wotopetsa ndi moni. Ukawatuma mchere m'mawa, unkathira ndiwo zamadzulo, chifukwa aliyense wam'njira ankafunsidwa za ana, za mbuzi, mpaka za chifuwa cha agogo ake. Kukhola la mbuzi zawo zomwe ankaodira. Tsiku lina anaperekeza mkulu wa mpingo mpaka kumsika, mkuluyo n'kuwaperekeza pobwerera, iwo n'kumuperekezanso, ine ndili pakhomo madzi osamba akuzizira. Mwana wathu mmodzi yekhayo anachita kumutcha Ulemu. Ndinkawauza kuti, "Abambo, ulemu wanuwu tsiku lina udzatiika m'madzi." Iwo ankangoseka n'kundithokoza chifukwa cha malangizo.

Ulemuyo anapita kunja kukaphunzira za ulimi, n'kukwatiwa ndi mnyamata wa ku Belize. Ndi kadziko kotentha, ka nkhalango zowirira, kutsidya kwa nyanja yamchere. Atatsala pang'ono kuchira anatiitana, ndipo tinafika mwana atangobadwa kumene, wamwamuna. Za m'ndege ndisanene. Anthu ofuna kugona ankachita kudziphimba kumaso bambo a Ulemu akamadutsa.

Mchombo unali usanagwe, ndiye ine ndinakhala pakhomo pa chipinda ngati mlonda. Uyu asalowe, uyo asambe kaye m'manja, zenera litsekedwe. Ulemu anatopa nane.

"Amayi, mwandipanikiza," anatero. "Mawa mupite ndi ababa mukaoneko dziko. Mwanayu sathawa."

Mkamwini wathu anali ndi msuweni wake dzina lake Anselmo, wa mtundu wa Amaya, eni nthaka a kumeneko. Ntchito yake inali yolowetsa alendo m'mapanga. Anandiuza kuti tikaona miphika yakale. Miphika! Palibe anatchula mafupa. Ndikanadziwa, ine mayi wosamala chikuta sindikanaponda kumeneko.

Tinanyamuka m'mawa pa pikapu yake, atatu tonse kutsogolo. Msewu wa phula unatha, wafumbi unatha, kenako tinayenda wapansi m'nkhalango, kuwoloka kamtsinje, bambo a Ulemu akugogoda ndi ndodo yawo ya mlombwa. Phangalo linali kamwa lakuda m'mbali mwa phiri, madzi obiriwira akutuluka momwemo. Mphepo yake inali yozizira ngati ya m'firiji.

Anselmo anatipatsa zipewa zolimba zokhala ndi tochi pamphumi. Anayatsa kalubani pamwala, n'kutiyang'ana. Anali munthu wamfupi, wosachulutsa mawu, ndipo Chingerezi chake chinkamveka bwino.

"Lamulo ndi limodzi," anatero. "M'katimu musakhudze kanthu, ndipo musalankhule ndi kanthu. Makolo athu ankati kuno ndi khomo la dziko lapansi. Ife timalowa ngati sitinawaone, iwonso amachita ngati sanatione."

Bambo a Ulemu ananditsina. "Wamva? Limenelo ndi khalidwe la akuba."

"Khalani chete," ndinatero. "Kuno n'kwa eni. Ukayenda umasiya phazi, ukasiya mlomo umakutsata."

Ndinkalankhula ndi mwala. Anselmo atangotembenuka, iwo anavula chipewa, n'kukhwimitsa ndodo kukhwapa, n'kuwomba m'manja mwaulemu. "Odi! Odi kuno eni ake!"

M'phangamo madzi ankadontha kuchokera kudenga, tho, tho, tho, paliponse. Atangoodira, kudonthako kunaleka. Zii. Ngati mmene anthu amalekera kulankhula m'nyumba akamva mlendo panja. Tinaima choncho, kenako kunayambiranso. Anselmo anawayang'ana nthawi yaitali.

Tinalowa. Madzi m'maondo, pena m'chiuno, chitenje chikundimata m'miyendo. Mdima wake ndi uja wa ndiwe yani. Miyala inkalendewera kudenga ngati mawere a ng'ombe, mileme ikudutsa pamutu. Ine ndinkangotukwana chamumtima kuti pa msinkhu wanga ndikusambira m'dzenje, mdzukulu ndamusiya kunyumba.

Titafika pamalo ena okwera, Anselmo anati tivule nsapato tiyende ndi masokosi, ndodonso isiyidwe pomwepo kuopa kuswa zinthu. Tinakwera n'kutulukira m'chipinda chachikulu kuposa tchalitchi chathu. Miphika inali mbwee, ina yovundikira, ina yogona chammbali, uliwonse ndi kabowo kapena pakamwa pobenthuka. Anselmo ananong'ona kuti kalekale kukagwa chilala, anthu ankabwera kuno ndi chimanga ndi nsembe kudzapempha mvula.

"Ngati kwathu komwe!" anatero bambo a Ulemu, maso ali ndi misozi. "Awa ndi abale athu."

Kenako tochi yanga inagwera pa chigaza. Pafupi pake nthiti, mafupa a miyendo, ena ang'onoang'ono a ana, zonse zitamatirira pansi, zikunyezimira ngati wazithira shuga. Awa ndi manda! Ndalowa kumanda, ine wogona ndi khanda la mchombo wosagwa!

Ndisanatsegule pakamwa, amuna anga anali atanjuta kale kutsogolo kwa mafupawo, manja pamodzi. Anapereka malonje onse, anaJere, monga achitira mlendo wolongosoka. Anati ndife a ku Malawi, kwathu tasiya kuli bwino, mvula chaka chino inavutako. Anselmo anawagwira paphewa, iwo n'kumuuza kuti adikire, akulu akulankhula. Ndiye anawonjezera mawu amene mpaka lero amandiwotcha.

"Chimene tayendera, mwana wathu wamkazi wationetsa mdzukulu. Kamnyamata kokongola. Kali kunyumba uko, sikanatuluke n'komwe."

Ndinawakoka kolala. "Mukuuza ndani za mwana? Mwapenga?"

"Mlendo sabisa chimene wayendera," anatero. Anatembenukiranso kumafupa kuja. "Ife tapita. Tsalani bwino."

Titabwerera pamene tinavula nsapato, nsapato zonse zinalipo. Ndodo panalibe. Tinaunika uku ndi uku, m'madzi, m'ming'alu. Anselmo anati mwina yakokoloka, koma pamwalapo panali pouma, ndipo mawu ake sanali a munthu wokhulupirira zimene akunena. Anati tifulumire.

Tinalowanso m'madzi, Anselmo patsogolo, ine pakati, bambo a Ulemu pambuyo. Munthu akamayenda m'madzi amamveka, khuvu, khuvu. Ndinayamba kumvetsera. Ife tikaima, kumbuyo kunkamveka khuvu mmodzi wowonjezera, kenako chete. Ndipo pakati pa makhuvuwo, pamiyala, go. Go. Go. Ndodo imeneyo ndaimva zaka zonse za ukwati wanga, sindingaisokoneze.

Ndinacheuka. Tochi inangoonetsa madzi akugwedezeka ndi nkhope ya amuna anga. Anali akumwetulira.

"Akutiperekeza," ananong'ona. "Waona? Atinyamulira ndi katundu yemwe. Anthu oleredwa bwino."

Inu mukudziwa mwambo wake. Woperekeza sabwerera yekha. Amayenda nawe, katundu wako ali m'manja mwake, mpaka iwe mlendo uime unene kuti, "Basi, bwererani pano." Pamenepo ndi pamene amakupatsa katundu wako n'kutembenuka. Ukapanda kunena, ayenda nawe mpaka kwanu.

"Auzeni abwerere," ndinatero. "Pompano."

"Tisanatuluke n'komwe m'nyumba? Chipongwe chimenecho."

Tinatuluka padzuwa. Ndinati, "Nenanitu tsopano." Iwo anati kubweza munthu pakhomo penipeni kuli ngati ukumuuza kuti akununkha, tiyambe tafika pakamtsinje. Pakamtsinje anati munthu sabwezedwa pamadzi, tiwoloke kaye. Njira yonse ya m'nkhalango mbalame zinali zii, ndipo kumbuyo kwathu masamba ankaphwanyika, go, go. Anselmo sanacheuke ngakhale kamodzi. Thukuta linali litanyowetsa msana wake wonse, ndipo ankayenda ngati wosiya mphika pamoto.

Pagalimoto anatikankhira m'kati n'kuliza injini. Tisananyamuke, kumbuyo kwa pikapu kunatsika pang'ono, ngati pakwera munthu.

Panjira tinakumana ndi mkulu wina wokalamba ali panjinga. Anapatuka, n'kuima, n'kuvula chisoti. Sanayang'ane ife. Anayang'ana kubokosi kwa galimoto, mutu uli pansi, mpaka tinadutsa. Patsogolo pake panali mayi wogulitsa mikate ya chimanga yokulunga m'masamba. Anatikweza dzanja kuti tigule, koma titayandikira anatsitsa dzanjalo, n'kukokera kamwana kake kumbuyo kwa siketi, n'kuvundikira dengu.

Anselmo anaimika galimoto pakati pa minda ya malalanje.

"Bambo," anatero, osawayang'ana, "chimene munayamba chija, chimalizeni. Ine chilankhulo chanu sindichidziwa, koma zikuoneka kuti wina wachimva."

Amuna anga anatsika. Ine ndinatsegula zenera kuti ndimve. Kubokosi kunalibe kanthu, kungoti pakona panali ponyowa, ndi timatope toyera. Bambo a Ulemu anaima pamenepo, manja kumbuyo.

"Zikomo kwambiri, mwatiperekeza mokwanira," anatero. "Mukhoza kubwerera pano."

Ndinapuma. Koma iwo sanasunthe. Anayang'ana msewu umene tinachokera, utali wake, dzuwa likuswa mtengo. Ndinaona nkhope yawo ikufewa, ndipo ndinadziwa, chifukwa nkhope imeneyo ndinkaiona akamaitanira anthu osawadziwa pambale yanga.

"Komatu mtunda ndi wautali," anatero. "Ngati mwatopa, tiyeni mukangomwako madzi kunyumba."

Ndinakuwa. Ndinawatchula dzina lawo lenileni, Malikebu, limene sindinalitchulepo pamaso pa anthu. Anakwera mwamanyazi, akung'ung'udza kuti munthu wamkulu sungamusiye pamsewu ngati thumba. Anselmo anafunsa kuti anena chiyani. Nditamumasulira, anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, n'kutseka maso kwa kanthawi. Anatitsitsa patali ndi geti, ndipo tiyi amene mkamwini anamukonzera sanamudikire.

Dzuwa linali litapendeka. Ndinaima pageti n'kuitanitsa madzi m'beseni, chifukwa wochokera kumanda salowa m'nyumba osasamba. Ndinasamba m'manja, kumaso, kumapazi, n'kuwasambitsanso iwo ngati mwana. Ndinathira madziwo modutsa pageti. Ndinkaganiza kuti mwina zithandiza.

Ulemu anatuluka, nkhope ili yina. "Amayi, tabwerani mudzaone. Wakhala bwinobwino tsiku lonse. Pompano wangosiya bere."

Kamwanako sikankalira. Bola kakanalira. Kanali gone m'manja mwa mayi wake, maso tong'o kuyang'ana kuchitseko chakumaso. Khanda la masiku ochepa siliyang'anitsitsa chinthu choncho. Ndinakagwira kuphazi, kuzizira ngati mwala wa m'phanga muja. Ulemu anayesa bere, kanangotembenuza mutu kubwerera kuchitseko. Mkamwini anathamanga kukabwereka galimoto kwa mnansi kuti tipite kuchipatala.

Ndinasuzumira pazenera. Pakhonde, pambali pa chitseko, panali patatsamira ndodo ya mlombwa. Inali yonyowa, kunsonga kwake kuli dothi loyera. Kuchokera pageti kufika pamasitepe panali madontho akuluakulu a madzi, ndipo galu wa pakhomopo anali atalowa pansi pa thanki, akunjenjemera osauwa.

Ndiye tinamva. Kuwomba m'manja, pang'onopang'ono, mwaulemu, kuja kwa manja ofumbata. Kunja kwa chitseko.

Anali kuodira, anaJere. Anaphunzira kwa ife. Anaima pakhomo kudikira kuti mwini nyumba ayankhe.

Ndinaona pakamwa pa amuna anga pakutseguka pokha. Sanaganize n'komwe, ndi chizolowezi cha moyo wonse. "Lo..." Ndinawalumphira n'kuwatseka pakamwa ndi manja onse awiri, mpaka mutu wawo unagunda khoma.

"Yerekezani!" ndinatero. "Yerekezani kumaliza mawu amenewo! Tayang'anani mwanayo. Munamuuza nokha kuti kuno kuli khanda. Munamuitana nokha. Wabwera kudzaona mwana, ndipo kwawo ana amene anawaona ali gone m'phanga muja. Moni wanu uja ndi uyu!"

Anayang'ana mdzukulu wawo. Milomo ya kamwanako inali itayamba kuda. Ulemu ankalira mopanda mawu, akukagwedeza. Kunja kuwomba kuja kunabwerezanso, mosafulumira, ngati munthu wodziwa kuti amuyankha ndithu.

Bambo a Ulemu anachotsa manja anga pakamwa pawo pang'onopang'ono. Sindinawaonepo atakalamba ngati nthawi imeneyo. Anatenga jekete pampando, n'kuvala, n'kumanga mabatani onse. Anavala chipewa chawo.

"Mukupita kuti?"

"Ndinawabweza pamsewu sanabwerere, chifukwa ndinawaitana," anatero. "Tsopano mlendo ndi iwowo. Mlendo akafika pakhomo sabwerera yekha. Ndikawaperekeze."

Ndinati, "Abambo, mukangofika pamphambano apo mubwerere. Mwamva? Musayambe zanu zija."

"Pamphambano pomwepo," anatero. Anagwira kamwanako pamutu ndi chala chimodzi, n'kunena kwa Ulemu, "Tsala bwino, mama." Kwa ine anati, "Nanunso tsalani bwino, mayi. Madzi osamba musatenthetse msanga."

Anatsegula chitseko pang'ono, mongokwanira thupi lawo, n'kuchitseka kumbuyo. Ndinawamva akupepesa kuti m'nyumba muli chikuta, mlendo salowa, ndipo akuluakulu ngati inu mwambo mukuudziwa. Anatenga ndodo. Pazenera ndinawaona akutsika masitepe, akuyenda m'mbali mwa njira, mbali inayo atasiyira mnzawo. Ankacheza. Ndinamva akufunsa za mvula ya kumeneko, ngati chimanga chimachita bwino. Anatuluka pageti, mawu akunka nachepa, go, go, go, mpaka anakhota.

Pomwepo kamwanako kanayetsemula. Kanakwinya nkhope n'kulira kulira kwenikweni, kokoma, kogonthetsa m'khutu. Ulemu anakapatsa bere, kanaligwira ngati kakulipsera mtima. Mapazi anayamba kufunda m'manja mwanga. Mmene mkamwini ankafika ndi galimoto, kanali katagona, mkaka uli pakamwa.

Ine ndinakhala pakhonde ndi mawu anga okonzeka. Ndinali nditawasanja bwino, oti akangolowa pageti ndiwasambitse nawo. Kunada. Mkamwini anazungulira ndi galimoto mpaka pamphambano, kupitirira, osawapeza. Kunacha. Apolisi anafunsa mafunso awo. Mawu anga aja anayamba kusungunuka, ndinatsala ndi mantha okhaokha.

Amene anawapeza ndi Anselmo, tsiku lomwelo. Anati mtima unangomuuza kuti akayang'ane kuphanga. Anawapeza atakhala pamwala pamene anayatsa lubani paja, jekete lili lomanga mabatani, mathalauza onyowa mpaka m'chiuno. Ulendo umene pagalimoto unatitengera m'mawa wonse, munthu wa zaka zawo anauyenda bwanji usiku umodzi, musandifunse. Ndodo analibe.

Atatsika galimoto ndinathamanga, ndikulira ndikukalipa nthawi imodzi. "Pamphambano! Tinagwirizana pamphambano!" Iwo anangondidutsa. Anakwera masitepe, n'kukankha chitseko, n'kulowa. Osaodira. Anakhala pampando n'kunena kuti akufuna tiyi.

Kuyambira tsiku limenelo ndi mmene mukuwaoneramu. Kudya amadya. Kulankhula amalankhula, akafuna mchere amanena, ukawafunsa za kumunda amayankha. Madokotala a kuno ndi a konko anati alibe vuto. Koma moni anatha. Sanenanso zikomo, satsanzika, salonjera munthu. Amene ankaodira mbuzi, lero amadutsa abusa pamsewu ngati akudutsa chitsa. Ndikawafunsa kuti munakafika pati, ndani anauza mnzake kuti bwererani, amangondiyang'ana. Mdzukulu uja pano akuthamanga, pafoni amakuwa kuti "Agogo, muli bwanji?" m'Chichewa chake chopindika. Agogo akewo amangogwira foni.

Zaka zonse zija ndinkapempha Mulungu kuti munthuyu achepetseko moni. Ndikakumbuka ndimafuna kudzimenya. Ndinayamba kachizolowezi kopusa. Ndikamachokera kumsika ndimaima pakhomo panga pomwe, dengu lili pamutu, n'kunena kuti "Odi!" ngati mlendo, kuti mwina tsiku lina angaiwale n'kuyankha.

Mwezi wathawu ndinachita chimodzimodzi. Ndinaodira, ndipo m'nyumba munachokera mawu. "Lowani, lowani mayi! Mwayenda bwanji? Kumsika kuli bwanji?" Mawu awo enieni akale aja, achimwemwe, otopetsa aja. Dengu linatsala pang'ono kugwa. Ndinatembenuka kuti ndipukute misozi asandione, ndipo ndi pamene ndinawaona. Anali pansi pa mango apo, pampando wawo, ndwii, akuyang'ana kumsewu.

Ndinaima pakati, uku mawu, uku munthu. Ndipo ndikuuzeni zoona, mantha anabwera pambuyo. Choyamba ndinapsa mtima. Ndinati, nthawi yonseyi ndikudikira, lero ndiye mundiyankhe muli pawiri?

Sindinalowe. Ndinakakhala pansi pambali pa mpando wawo mpaka kunada, n'kuwagwira dzanja. Linali lofunda.

Nyamukani tsopano, anaJere, kusanade kwambiri. Njira mukuidziwa. Mukamadutsa pa mango apo apatseni moni, ngakhale sayankha. Ndipo mukamva wina akukutsatirani pambuyo, mumubweze pomwepo, musadikire kuti mufike pamphambano.